Nati Pansi pa Phiko

Mphepo ya Ogasiti ikafika ku Kanyama siodira. Imayamba dzuwa litangokwera pang'ono, kuchokera kum'mawa, ndipo pofika teni koloko imakhala itanyamula fumbi, mapepala ndi mapulasitiki n'kumaziponya m'maso mwa anthu. N'chifukwa chake madenga a kumeneko amasenza miyala. Wobadwira m'komboni amadziwa lamulo limeneli asanadziwe kuwerenga: chinthu chikafuna kupita ndi mphepo, chiikire mwala.

Mainess anakulira pansi pa denga lotero. Chaka chimene kwacha inkagwa ngati mango a mu Disembala, magetsi n'kumazima maola ambiri kuposa amene ankayaka, iye anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Pepala lake la ku koleji la zoyeza malo linali litagona m'sutikesi zaka zitatu. Kenako kunabwera bungwe lina lofuna kujambula ngalande za Kanyama kuchokera kumwamba, kuti lione pamene madzi amatsekeka mvula ikagwa. Linkafuna anthu a m'komboni momwemo oti aziulutsa ndege zazing'ono zonyamula kamera, zoyendetsa ndi rimoti uli chiimire pansi. Mainess analembetsa. Kwa milungu isanu ndi umodzi, magetsi akalola, iye ndi anzake asanu ndi awiri ankaulutsa ndege za pa kompyuta m'holo ya tchalitchi.

Tsiku lotsiriza mphunzitsi wawo, ba Chalwe, anatseka kompyuta ija n'kukhala pa tebulo.

"Apa mwagwa maningi, koma kulibe wamene anafa," anatero. "Manje tifuna kuona vazoona. Loweruka lothela mwezi uno, teni koloko, pa bwalo ya bola kufupi na Lilanda. Aliyense abwele na ndege yake. Unyamuke, uzunguluke kawili, utele pakati pa magolo, ndege ili yamoyo. Wachita ivo, nchito ni yako."

"Ba ticha, nanga ndege za bungwe?" anafunsa Fackson, wokonza mafoni pa msika, amene ankaposa onse pa kompyuta.

"Zili ziwili chabe, ndipo zinabwela dola ikalibe kupenga. Siningapase munthu wamene akalibe kugwesapo yake."

"Nanga mphepo?" anafunsa Mainess.

Ba Chalwe anamuyang'ana. "Mphepo nayo izabwela. Sitinaiitane, koma izabwela."

Madzulo ake Mainess anafotokozera bambo ake. Ba Whyson anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa bwalo la ndege, kulongedza katundu m'mimba mwa ndege zikuluzikulu. Ndege zitachepa, anauzidwa kuti akapume. Iwo sanakwerepo ndege ngakhale kamodzi. Tsopano ankakonza mawilibala ndi njinga pansi pa mtengo wa mabulosi kutsogolo kwa nyumba, ndipo akazi awo anali atabwerera ku Katete kukalima, poti tauni inali itauma. Anali munthu woti mawu amawatulutsa ngati akuwagula.

Anamvetsera zonse akupukuta sipanala.

"Ndagulitsa makina osokera amene amayi anandisiyira," Mainess anamaliza. "Zikwanira ndege imodzi basi. Ikafa, yafa."

Ba Whyson anapukutabe sipanala ija mpaka inawala.

"Mawa ndipita nawe," anatero.

Sitolo inali ku Kamwala, yopapatiza, yodzaza zidole, matochi ndi mawailesi. Magetsi kunalibe, choncho m'kati munali mdima ngati m'nkhokwe. Wogulitsa, Rex, anali munthu wa pakamwa pothamanga.

"Ndeke? Ba sisi, mwafika pa eyapoti yeniyeni! Ba mudala, nkalani apa pa kasitulu, musalemese mendo."

Ba Whyson sanakhale.

Rex anatulutsa ziwiri. Yoyamba inali kakang'ono, kotalika ngati mkono wa mwana, kobiriwira, kokhala ndi timagetsi m'mapiko. Yachiwiri inali yofiira, yosongoka kutsogolo, mapiko ake aafupi ali m'munsi mwa thupi ndipo atapendekera kumbuyo.

"Aka ni ka oyamba, sikavuta, na mwana angakaulule. Koma iyi," anaisisita yofiira ija, "iyi ni jeti. Mphepo ikaiona imapatuka yeka. Juzi chabe munthu wa kwanu ku Kanyama, wamene akonza mafoni, atenga inzake."

Mainess anaiyang'anitsitsa jeti ija. Ndiye kuti Fackson watenga imeneyi. Inali yokongola, zoona. Anaiona kale m'maganizo ikudutsa pamwamba pa ba Chalwe ngati muvi.

Ba Whyson anatenga kobiriwira kaja n'kulowera kukhomo.

"Ba mudala, vinthu sivichoka mu shopu!"

"Sindikuchoka. Ndaima pakhomo."

Anakaika pa chikhatho chotambasula n'kutulutsa dzanja kunja. Mphepo ya mumsewu inakanyambita kamodzi kokha. Kandege kanauluka popanda woulutsa, kanadumpha mayi wogulitsa chinangwa chootcha n'kukagwera pa mulu wa nsapato za salaula, zovalidwa kale. Rex anathamangira, akukuwa. Anabwera nako akukapemerera fumbi.

"Ba mudala, mufuna kunipisha nchito?"

"Kopepuka," anatero ba Whyson, osati kwa Rex koma kwa mwana wawo.

Mainess anatenga jeti ija. Inali yolemera bwino m'manja, ndipo ankadziwa kuti mphepo singaiseweretse ngati inzake ija. Koma anakumbukira za pa kompyuta. Ndege zotere sizinkamupatsa mpata woganiza. Zikachepetsa liwiro zinkagwa, ndipo zikathamanga zinkafika pansi chala chake chisanafike pa ndodo ya rimoti. Iye anali asanagwirepo ndege yeniyeni. Ankafuna ndege yoti ingamudikire.

Anakweza maso. Pamwamba pa shelefu, kuseri kwa makatoni a mapoto amagetsi, panali bokosi lalitali long'ambika pakona.

"Nanga ija?"

Rex anaseka. "Ija? Ba sisi, ija ni basi ya ku Lundazi. Yankala paja vyaka viwili. Banthu bazakusekani."

"Niseluseleni nione."

Inali yoyera, yamimba, yosakongola m'pang'ono pomwe, yopangidwa ndi fomu wonga uja amakutira mafiriji atsopano. Phiko lake linali limodzi lalitali, lofika pachifuwa cha Mainess ataliimika, ndipo linkakhala pamwamba pa thupi. Ba Whyson analimangirira, ananyamula ndege yonse n'kukaimanso pakhomo. Mphepo inaikankha, inagwedezeka, n'kubwerera yokha m'malo mwake.

"Ndowa ya madzi ukaigwira ku chogwirira, imadziwongola yokha," anatero. "Ukainyamulira kunsi, ntchito ndi yako."

Mainess anamva. Phiko pamwamba, kulemera pansi. Anatengera bokosi pakhomo pomwe panali kuwala n'kuwerenga zolembedwa zonse, mpaka tizilembo tating'ono. Injini inali yaikulu ndithu. M'kati munali kachipangizo kowongola ndege ikapendekeka mwadzidzidzi. Mapulopela, timapeni tozungulira kutsogolo tija, analipo awiri.

"Aka kachipangizo kasebenza?"

"Ba sisi, ine nigulisa chabe, sinikwela."

"Natenga basi ya ku Lundazi."

"Mwasiya jeti? Ala, ba mudala, mwana wanu atengela imwe ntota, samva va munthu."

Pakona pa mlomo wa ba Whyson panagwedera pang'ono.

M'minibasi phiko linagona pa miyendo ya anthu anayi. Kondakitala analengeza kuti chiyambire ntchito yake sanaonepo ndege ikukwera basi, ndipo anthu anaseka mpaka pa siteji.

Kunatsala masiku asanu ndi atatu. Malo ophunzirira anali bwalo la kuseri kwa maenje okumbamo miyala, pamene amayi amakhala tsiku lonse akuphwanya miyala ndi nyundo. Mabatire ankawatchaja kwa wometa tsitsi wina amene anali ndi sola padenga. M'mawa woyamba anapita dzuwa lisanatenthe, kuli zii. Ba Whyson anaiponya ndege ndi dzanja, ndipo inakwera mofatsa ngati nkhunda yokhuta. Ndege inamudikira Mainess monga ankafunira. Inatera mopunthwa, komabe yathunthu. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu zinayenda bwino koposa.

Koma mayeso anali a teni koloko, osati a m'mamawa. Tsiku lachinayi anadikira mpaka mphepo itadzuka.

Ndege inakwera msanga kwambiri, kenako inaima. Inangoima m'mwamba, pulopela ikulira, osapita kutsogolo. Mainess anakankha ndodo ya injini mpaka kumapeto. Ndege inasuntha pang'ono, mphepo inawonjezera, ndipo inayamba kubwerera chambuyo, mphuno ili kum'mawa, thupi likupita kumadzulo. Inadutsa pamwamba pa mitu yawo n'kukakhala pansi m'dimba la repu kutsidya kwa ngalande.

Amayi ophwanya miyala anasiya nyundo n'kuseka mogwira nthiti.

"Mwana wa ba Whyson!" anakuwa wamkulu mwa iwo, ba Philomena. "Ndeke yako iyenda chafutambuyo monga nkhanu! Ni ya pepa iyo. Ikapo mwala!"

"Zoona," anavomera wina. "Na malata tichita so. Bwela utenge, tizakupasa mahala, osalipila."

Ba Whyson anakatenga ndege m'dimba, anapepesa mwini repu, n'kuisenza ulendo wonse wobwerera. Mainess ankadziwa kuti akuganiza, koma analibe masiku oti adikire maganizo a bambo ake. Mawu a ba Philomena anali kumulira m'mutu. Amayiwo ankaseka, koma sankanama. Denga lawo lomwe likanapita kalekale pakanapanda miyala.

M'mawa mwake ba Whyson anapita ku msika wa Soweto kukafuna masipoko a njinga. Mainess anatsegula chitini cha zitsulo pansi pa mtengo wa mabulosi n'kusankha nati yaikulu ya pa ekiselo ya wilibala. Anatsegula ndege. Kutsogolo kunali kodzaza batire ndi mawaya. Malo analipo kumbuyo kwa phiko, m'mimba mopanda kanthu mopita kumchira. Padenga mwala umauika pamene pali malo. Anaimata nati pamenepo ndi tepi, mwamphamvu, n'kupita yekha kubwalo.

Anaiponya ndi dzanja lamanja, rimoti ili kumanzere. Ndege inachoka bwino, kenako mphuno inadzuka. Inadzukabe. Mainess anakankha ndodo kuti aitsitse, koma ndege inaimirira ndi mchira ngati mbuzi yofuna masamba a pamwamba. Inakhala choncho kamphindi, inapendekera kumanzere, n'kubwera pansi chamutu.

Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati munthu waponda chikho cha pulasitiki.

Nthawi imeneyi amayi aja sanaseke. Ba Philomena anabwera ndi chitenje chawo n'kumuthandiza kutola zidutswa. Mphuno inali itathyoka n'kulendewera pa mawaya, pulopela ili pawiri.

"Pepa mwana wanga," anatero. "Ife tiziba chabe va malata."

Ba Whyson anamupeza atakhala pa njerwa pansi pa mtengo, chitenje chili pamiyendo. Linali Lachitatu. Anatsegula chitenje, anayang'ana nthawi yaitali, analowetsa dzanja m'mimba mwa ndege n'kukhudza nati ija.

"Ndi yanga iyi."

"Inde, atate."

Ba Whyson anatenga guluu, masipoko awiri atsopano ndi tepi. Anadula masipoko, anawabaya m'fomu ngati mafupa, n'kulumikiza mphuno. Anamupatsa Mainess kuti agwire mpaka guluu aume. Anakhala choncho awiriwo masana onse, fumbi likuwadutsa, munthu wa wilibala yophwanyika akuuzidwa kuti abwere mawa.

Guluu atauma, ba Whyson anabwezera batire ndi phiko, nati ili pomwe Mainess anaiika. Anaimika zala ziwiri, chala chimodzi dzanja lililonse, n'kukhazika ndege pa nsonga zake, kunsi kwa phiko, cha kutsogolo pang'ono pamene phiko limanenepa. Mchira unagwa pansi nthawi yomweyo.

"Waona?"

"Ndaona."

"Nati siinalakwe. Inakhala pa mpando wolakwika."

Anaimatula, anasuntha mawaya, n'kuiika pansi penipeni pa phiko, pamzere wa zala zija. Anakhazikanso ndege pa zala. Inagwedera, n'kuima mowongoka, mphuno itaweramira pansi pang'ono ngati munthu wopereka moni.

"Ku ntchito kuja," anatero ba Whyson, ndipo Mainess anakweza mutu, chifukwa bambo ake sankakamba za kumeneko, "kunali bwana wa pepala. Ndiye ankatiuza bokosi ili apa, ilo apo. Tsiku lina tinatsitsa katundu wa kutsogolo, wa kumbuyo tisanamukhudze. Gudumu la kutsogolo linayamba kunyamuka. Ndege yonse, ya anthu mazana. Tinathamangira m'kati amuna asanu ndi mmodzi kukakhala kumphuno." Anaika ndege pansi. "Denga silipita kulikonse. Ndege imasenza ngati mayi wa mtolo. Pakati pa mutu."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa amene ananena mwezi wonse.

Pulopela inatsala imodzi. Lachinayi anaulutsa m'mamawa kuti aone ngati mphuno yagwira. Inagwira. Ndege inali italemera, inkafuna liwiro lochulukirapo ponyamuka, ndipo potera inkabwera mwachangu. Lachisanu Mainess anafuna kuiyesa mumphepo. Anaima pabwalo teni koloko, ndege ili m'manja mwa bambo ake, fumbi likumenya akakolo. Anayang'ana pulopela ija nthawi yaitali.

"Ikathyoka lero, mawa ndilibe chopita nacho," anatero. "Ikathyoka mawa, ndiye kuti ndinafika."

Ba Whyson anatsitsa ndege n'kuyamba kumasula phiko.

Loweruka bwalo la mpira kufupi ndi Lilanda linali lofiira ndi fumbi, udzu utatha kalekale. Mwa ophunzira asanu ndi atatu anabwera asanu. Anthu odutsa anaima m'mbali, ena atasenza zigubu za madzi. Ba Chalwe anali pakati ndi kabuku, chipewa atachimanga ndi chingwe kuchibwano.

Fackson ataona ndege yoyera ya mphuno yokulungidwa tepi anaseka mpaka anagwira mawondo.

"Mainess, iyi mwaichosa ku chipatala? Ba dokota bakulolani?"

"Iwe samala yako. Yanga yagwapo kale, iziba pansi."

Atatu oyamba anali ndi tindege tating'ono tonga kobiriwira ka kwa Rex. Kamodzi kanakana n'kuchoka komwe m'manja, kanagubuduka pansi. Kachiwiri kanakwera, mphepo inakatenga, ndipo mwini wake anakathamangira kulowera kumadzulo, rimoti ili m'manja, mpaka onse awiri anasowa kuseri kwa nyumba. Wachitatu ataona zimenezo anabweza kake m'bokosi.

Jeti ya Fackson inanyamuka ndi mkokomo woti anthu onse anakuwa. Mphepo siinaivute, zoona. Inazungulira kamodzi, ikung'anima padzuwa. Koma potembenuka kachiwiri mphepo inali kumbuyo kwake, ndipo liwiro linawirikiza. Fackson anapotoza thupi lonse pamodzi ndi rimoti. Jeti inatsika, inadutsa pakati pa magolo monga ba Chalwe ananenera, koma siinaime. Inakaima pa khoma la chimbudzi cha bwalo.

Fackson anapita kukatola. Sanayang'ane munthu.

"Mainess," anaitana ba Chalwe.

Ba Whyson anali atamanga kale phiko ndipo anali atakweza ndege kuti aiponye. Mainess anawaimitsa.

"Dikirani, atate."

Anaika rimoti pansi, anatenga ndege, anabisala kumphepo kuseri kwa msana wa bambo ake, n'kuimika zala ziwiri kunsi kwa phiko. Anthu anayamba kuseka.

"Aipempelela!" wina anakuwa. "Aleluya, mama!"

Mchira unatsika. Osati kwambiri, koma unatsika. Mainess anatsegula ndege. Nati inali pamalo pake, koma batire linali litaseserekera kumbuyo, mwina pa mabampu a minibasi ziwiri zimene anakwera. Analikankhira kutsogolo, analimanga ndi tepi kawiri, n'kuyesanso. Ndege inaweramitsa mphuno pang'ono. Ataweramuka anapeza ba Chalwe ataima pafupi, akuyang'ana zala zake.

"Ivo sininakupunziseni," anatero.

"Ni batate."

Ba Whyson anatola fumbi pang'ono n'kulisiya ligwe. Linapita kumadzulo. Anatembenukira kum'mawa, mphepo ili kumaso, n'kudikira. Mainess anakankha injini.

"Tiyeni!"

Ndege inachoka m'manja, inatsika pang'ono ndi kulemera kwake, n'kuyamba kukwera. Mphepo inaimenya pachifuwa. Mainess anadikira kuti iime n'kubwerera ngati tsiku la repu. Siinaime. Inkapita pang'onopang'ono, ngati munthu wokankha wilibala yodzaza pa chitunda, koma inkapita. Anaisiya ipite patali kum'mawa, kutsogolo kwake, kuti mphepo ikafuna kuibweza iibwezere kwa iye. Kenako anaitembenuza.

Mphepo itakhala kumbuyo, basi ya ku Lundazi inasanduka jeti. Inadutsa bwalo lonse asanapume kawiri. Anaitembenuza msanga isanafike pa nyumba, phiko linapendekeka moopsa, n'kudziwongola. Kamodzi.

Ulendo wachiwiri uli pakati, anthu a kumbali ya kum'mawa anayamba kuphimba nkhope. Kamvuluvulu anali atadzuka pakona ya bwalo, wofiira, atanyamula mapulasitiki, akubwera molunjika pamene ndege inali kupita. Mainess sanaganize zambiri. Anapereka injini yonse n'kuipatutsira kumanja. Mphepete mwa kamvuluvulu munaigwira mchira. Ndege inadumpha, inagwedezeka ngati yapunthwa pa mwala, phiko limodzi linaloza pansi. Chala chake chinafuna kukoka ndodo mwamphamvu. Anachiletsa. Anangoithandiza pang'ono, ndipo ndowa ija inabwerera pa chogwirira chake.

Fumbi linamulowa m'maso. Misozi inatsika, koma sanaphethire.

"Kawili," anatero ba Chalwe. "Manje itule."

Anaitengera kumadzulo, kuseri kwa golo, n'kuitembenuza kuti mphuno iyang'ane mphepo. Anachepetsa injini, koma osaizimitsa, pokumbukira kuti yalemera. Ndege inabwera ikutsika, ikugwedeza mapiko. Mphepo yomwe inamuzunza sabata yonse tsopano inali kuigwira pachifuwa, kuichedwetsa, mpaka inkayenda ngati munthu wopita kumsika. Inadutsa pamwamba pa golo, inatsika, inatsikabe. Itatsala pang'ono kukhudza, anazimitsa injini. Mimba inakhudza fumbi, inakhwekhwereza mapazi atatu, n'kuima pakati pa bwalo.

Mphepo inayamba kunyamula phiko limodzi kuti iigubuduze. Koma ba Whyson anali atafika kale. Mainess anali asanawaonepo bambo ake akuthamanga chibadwire. Anagwada n'kuika chikhatho pamwamba pa phiko.

Anthu anali kukuwa, ena kuliza mluzu. Ba Chalwe analemba m'kabuku kawo.

"Mande, eyiti koloko, ku ofesi," anatero. "Ubwele na pepa yako ya ku koleji. Na vala vija viwili usaviibale ku nyumba. Kamela ilema kuchila nati."

Fackson anabwera, zidutswa zofiira zili m'chipewa. Anayang'ana ndege yoyera ija, n'kukanda m'mutu.

"Basi ya ku Lundazi," anatero. "Ba Chalwe bakuti kuzankala mayeso yenangu mu Okutoba. Uzanibweleka?"

"Ukayamba wapunzila kuikwezeka pa vala."

Mainess anapita pakati pa bwalo. Ba Whyson anali atagwadabe. Anali atatsegula ndege, akuyang'ana m'kati mmene munthu amayang'anira ntchito imene wapatsidwa. Anagwedeza nati ndi chala, anagwedeza batire. Zonse zinali zolimba. Anapukuta fumbi pa pulopela ndi m'mphepete mwa malaya awo.

"Atate, Lolemba ndikuyamba."

"Ndamva."

Anatseka ndege, anaimirira, mawondo akulira.

"Katundu yense wafika," anatero.

Anamasula phiko n'kumupatsa Mainess, iwo ananyamula thupi. Anayenda kupita ku siteji, mphepo ikuwakankha kumsana, Mainess atagwira phiko chopingasa ndi manja awiri kuti lisamuthawe.